Nsanza za Pazenera Lakumanzere

Ku Chipata konse kunalibe munthu wonyadira galimoto ngati a Enoch Sakala. Inali jipi yakalekale, yomwe anagula ku mishoni atapuma pa ntchito ya udalaivala. Matope a kumidzi inkangowaponda ngati palibe kanthu. Koma mvula, ayi ndithu! Labala wa m'mazenera anali atatha, madzi ankangolowa ngati kwawo. Malemu akazi awo, mayi Zelipa, ndiwo ankanyowa phewa lakumanzere ulendo uliwonse, mpaka tsiku lina anang'amba chitenje n'kutseka mipata yonse ndi nsanza.

Mu Disembala 1994, mwana wawo Jesca ankakwatiwa. Akuchimuna atamva kuti mkwatibwi adzakwera jipiyo, anaseka. "Mkwatibwi akwere chidebe chodonthacho? Diresi loyera lidzafika kutchalitchi likukha madzi. Tibwereka ina."

Mawuwo anawalasa mtima a Enoch. "Mwana wanga akwera yanga, ndipo afika wouma!" anatero. Anasolola nsanza zonse zija, nazitentha kuseri kwa nyumba, n'kuika labala watsopano wogula kwa amalonda a ku Mwami.

Lachisanu madzulo, mawa lake ukwati, mvula inagwa. A Enoch anatulutsa jipi kuti akaiyese. Kutangoda, ali pamsewu wobwerera, anamva tho, tho, tho. Labala uja sanagwire. Mpando wa mkwatibwi unali kunyowa kuposa kale. Anaganiza za manyazi a mawa.

Kenaka nyali zinaunika mayi ataima m'mbali mwa msewu, atafunda chitenje kumutu. A Enoch anaima. Chitseko chakumanzere chinali ndi mwambo wake, unkayamba wachinyamula pang'ono kuti chitseguke, ndipo odziwa zimenezi anali a m'banjamo okha. Mayiyo anachinyamula, nalowa, osapereka moni.

"Mukupita kuti, mayi?"

Mayiyo anangoyang'ana kutsogolo.

A Enoch anamuyang'ana cham'mbali. Mapazi opanda matope. Chitenje chouma, mvula yonseyo. Phewa lakumanzere lokha ndilo linali lonyowa.

Anayendetsa jipi. Mumdimamo anamva nsalu ikung'ambika, kweee. Kenaka kachiwiri. Tho, tho uja anayamba kuchepa. Khosi lawo linayamba kutembenuka lokha.

"Atate a Jesca, yang'anani msewu."

Mawu amenewo anawamva kwa zaka makumi atatu, ulendo uliwonse. Sanachewukenso. Pofika pakhomo, mpando unali wopanda munthu. Chitseko sichinalire n'komwe.

M'mawa anapeza labala uja atakulungidwa bwinobwino pansi pa mpando. M'mipata ya zenera munali nsanza zothina, zobiriwira, za timaluwa tachikasu. Jesca atazigwira anakhala pansi. "Atate, chitenje ichi si chija tinawafunditsa amayi m'bokosi?"

"Kavale, mwanangu. Tichedwa."

Tsikulo mvula inagwa yosaona kutsogolo. Galimoto yobwereka ya akuchimuna inatitimira m'matope, mkwati n'kufika wapansi, suti ili thope lokhalokha. Jesca anatsika m'jipi diresi lili mbee, lopanda ngakhale dontho limodzi.

Amayi a mumpingo, omwe anasambitsa maliro a mayi Zelipa, ataona nsanzazo anayamba kunong'onezana, ndipo palibe anayerekeza kutsamira chitseko chimenecho. Koma amalume a mkwati, aja anaseka kwambiri, sankadziwa kanthu. Anazungulira jipiyo, nagogoda galasi.

"Asebere, mwakonzetsa kuti zenerali?"

A Enoch anakonza tayi, chifuwa chili patsogolo, maso ali jenjenje ndi misozi.

"Akonza ndi amake mwana."