Estele ndi Nsalu Yowoloka Ruo

Estele ankafuna chofunda. Sankafuna chake ayi. Ankafuna cha mlongo wake wakhanda, Yakobo.

Inali nyengo ya chiperoni. Phiri la Mulanje linabisala m'nkhungu. Yakobo ankazizidwa. Ankalira m'mawa. Ankalira madzulo.

M'nyumba munali nsalu yakale ya biriwita, yakuda bii. Amayi anaberekera Estele nsalu imeneyo powoloka mtsinje wa Ruo, pochoka kwawo ku dziko la Apwitikizi. Tsopano inali zibowo zokhazokha.

"Nsanza izi ndipange nkhata," anatero amayi.

"Ayi amayi, ndipatseni ine."

"Tenga. Koma nsanza sizifunditsa munthu."

Masiku amenewo makina osokera anali osowa. Dera lonse linali ndi amodzi okha. Anali a bambo Jailosi, telala wa pakhonde la sitolo. Ankawapukusa ndi dzanja. Gedegede! Gedegede!

"Odi, bambo!" anatero Estele.

A Jailosi anaitambasula nsalu ija. Anasuzumira pa chibowo.

"Iwe mwana, iyi ndi nsalu kapena ukonde wa nsomba?"

"Ndi nsalu ya kwathu. Yakobo akuzizidwa."

A Jailosi sanasekenso. Anatenga sizasi. Anadula malo olimba okha. Panatuluka mizere iwiri basi. Kenako anatola zotsala m'dengu lawo, zofiira ndi zoyera.

"Ika mzere pamwamba pa mzere," anatero. "Mbali zokongola ziyang'anane. Ine ndipukusa. Iwe ugwire."

Estele ankadziwa kusoka mkeka. Posoka mkeka umakoka. Umakoka mwamphamvu. Ukapanda kukoka, amayi amakuuza kuti umasule.

Gedegede! Gedegede!

Estele anakoka. Anakoka mwamphamvu.

Kwee!

Mzere wa biriwita unang'ambika pakati. Sunali wosokekanso. Unatsala umodzi wokha.

Estele anabisa manja kumbuyo.

"Ndani wakuuza kuti ukoke?" anafunsa a Jailosi.

"Mkeka timakoka."

"Mkeka! Ukuona mlaza pano? Makinawa ali ndi mano pansi. Amadziyendetsera okha nsalu. Manja ako angoiperekeza."

"Ndikuopa, bambo. Watsala umodzi."

"Ndiye tiyambe ndi ena. Wakwanuwo udikire."

Anasoka chofiira ndi choyera. Estele sanakoke. Anangoperekeza.

A Jailosi anatsegula msoko. Anauwongola ndi chikhadabo. Unagona bwino.

"Uwu tayambira kumtunda," anatero a Jailosi. "Winawo tiyambira kumunsi. Tikapanda kutero, chofunda chipindika ngati nthochi."

Kumtunda, kumunsi. Kumtunda, kumunsi. Chofunda chinakula.

Kenako inakwana nthawi ya biriwita. Zala za Estele zinkafuna kukoka. Estele anazikaniza.

"Pang'onopang'ono, bambo."

"Ha! Lero ndalembedwa ntchito ndi mwana!"

Gede... gede... gede...

Mzere sunang'ambike. Unakhala pakati penipeni, wakuda bii.

Chofunda chitatha, Estele anathamangira nacho kunyumba m'nkhungu muja. Anapeza amayi atangobwera kuchokera ku munda wa tiyi. Yakobo ankalira kumsana.

Amayi anayang'ana chofunda. Sanakhudze chofiira. Sanakhudze choyera. Anakhudza chakuda.

"Pa Ruo madzi anandifika m'chiuno," anatero. "Iwe unali m'nsalu yomweyi. Unkalemera ngati dzungu. Unkandimenya ndi timiyendo mpaka tsidya lino."

"Ndinalira?"

"Iwe? Unkaseka ng'ona zili pafupi."

Anamufunditsa Yakobo. Yakobo anagwira mzere wakuda. Anaulowetsa m'kamwa. Kenako anagona.

Estele anakhala pafupi ndi amayi.

"Amayi, paja munati nsanza sizifunditsa munthu?"

"Khala chete," anatero amayi. "Lowetsa mapazi akowo. Akuzizira ngati chule."

Estele analowetsa mapazi. Munali motentha.