Mpando Wokana Kutuluka

Madzulo a Lolemba, Amake Mapasa anaima pakati pa chipinda chodyera, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini atatu ali kukamwa. Penti anali atauma. Makatani achikasu anali atapachikidwa, osokedwa ndi manja awo omwe, poti iwo anali telala wosokera pakhomo. Nyumbayo anali atangosamukiramo. Chimene chinawakopa tsiku loyamba chinali malo osonkhapo moto a m'chipindamo, omangidwa kukhoma ndi njerwa zofiira, okhala ndi chumuni chotulutsira utsi kudenga ndi kashelefu pamwamba pake.

Loweruka kunali kubwera apongozi awo, mayi a Bambo a Mapasa. Mayiwo anali atagwa kawiri m'nyumba mwawo ali okhaokha, ndipo adokotala anali atanena kuti asamakhalenso okha. Koma kusamuka anali atakana kawiri konse.

"Ine si katundu," anatero pafoni. "Mukufuna mukandiponye kuchipinda chakuseri pamodzi ndi zitini za penti?"

Ulendo uno anavomera kudzaona chabe, usiku umodzi. Akakonda, akhala. Akapanda kukonda, basi ya Lamlungu m'mawa ilipo.

Ndiye Amake Mapasa anaika mtima wonse pa chipindacho. Tebulo pakati. Makushoni asanu, aliyense wa m'banjamo yake. Kapeti yaing'ono patsogolo pa moto. Pakashelefu, maluwa ndi chithunzi cha malemu apongozi aamuna. Ndipo kumanzere kwa moto, pamene mphepo ya pakhomo sifika, anafuna kuikapo mpando watsopano wawofuwofu wa apongoziwo.

Koma pamalo pomwepo panali kale mpando wina, umene anaupeza m'nyumbamo. Unali wakuda, wopanda vanishi, mwendo umodzi waufupi. Mikono yake inali yosalala chifukwa cha zikhatho za munthu.

"Inu, tatulutsani chinthuchi," anauza amuna awo atalavula mapini.

Bambo a Mapasa anaunyamula n'kukausiya pakhonde. Anakhoma chitseko, onse anakagona.

M'mawa mwake mpando uja unali pamoto. Kushoni imodzi yachikasu inali pamenepo. Mpando watsopano unali utasunthidwira pambali, bwinobwino, kapeti osakwinyika n'komwe.

"Abambo, masewera anjinso awa?"

"Ine? Ndi msana wangawu? Dzulo lomwe lija ndagona ndikubuula."

Anaitana mapasa awo, atsikana a zaka zisanu ndi zitatu. Wina ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipatsekeka, winayo Duu.

"Ife sitingaunyamule, amayi," anatero Wailesi. "Ndi wolemera ngati ng'ombe. Funsani Duu."

Duu anagwedeza mutu.

"M'nyumba muno muli anthu anayi," anatero Amake Mapasa. "Atatu akukana. Ndiye kuti ndine, eti? Ndimayenda kutulo ine, n'kumadzivutitsa ndekha?"

Wailesi anatsegula pakamwa, Duu anamuponda phazi.

Tsiku limenelo mpando uja anautsekera m'kachipinda kosungiramo katundu, kiyi n'kuika pansi pa pilo. Anatenga choko cholembera nsalu, n'kugwada kuti azungulize miyendo ya mpando watsopano, kuti ukasuntha ngakhale pang'ono adziwe. Ali chigwadire anaona timaenje tinayi pasimenti. Tosazama. Titatu tofanana, kamodzi kotakata, ngati pamene chinthu chakhala chikugunda zaka ndi zaka.

Anatiphimba ndi kapeti.

Lachitatu m'mawa miyendo ya mpando wakale inali m'timaenje tija, uliwonse m'kake. Kapeti inali itapindidwa pang'ono kuti ipereke malo. Loko wa kachipinda kaja anali chikhomere. Kiyi anali pansi pa pilo pomwe paja.

Ndipo panali china. Katani la zenera loyandikana ndi moto, limene iwo analisiya likulendewera mpaka pafupi ndi njerwa, linali litamangidwa kumbali ndi mfundo yaukhondo. Amake Mapasa analiyang'ana nthawi yaitali. Tsiku losonkha moto, katani limenelo likanapsa. Anamva mawu akuti zikomo akubwera kukhosi, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa koposa.

"Wondisokonezera ndi yemweyo, wondikonzera ndi yemweyo," anang'ung'udza. "Asankhe chimodzi."

Masana anaukwakwaza okha mpandowo mpaka kutsidya kwa msewu, kwa Akalipentala.

"Nawu, bambo. Muwaze nkhuni, kaya mupange chopondera, zili ndi inu."

Akalipentala anaika pansi chopalira matabwa. Anauyang'ana mpandowo, n'kuyang'ana nyumba ya kutsidya. Sanaukhudze.

"Ingousiyani pomwepo, mayi."

"Simuufuna?"

"Ndati ingousiyani."

Lachinayi m'mawa mpando sunabwere. Amake Mapasa anasesa akuimba. Madzulo anasonkha moto koyamba. Utsi unakwera bwino, njerwa zinafiira, makoma achikasu anaoneka ngati apakidwa uchi. Anadyera pamenepo onse anayi. Bambo a Mapasa anavula nsapato, n'kunena kuti mayi awo akangoona izi basi ya Lamlungu adzaiiwala. Ngakhale Duu analankhula. Anati, "Kukoma."

Lachisanu bambowo ananyamuka masana kukatenga mayi awo, kuti abwere nawo tsiku lotsatira. Amake Mapasa anatsala ndi ana, ndi nsalu ya patebulo imene mpendero wake unali usanathe. Atangogoneka ana, magetsi anathima.

"Lero lomwe," anatero. "Masiku onsewa anali kuti?"

Makina osokera akanagwira bwanji? Anakokera kampando pafupi ndi moto, n'kuyamba kusoka ndi singano. Kunja kunali mphepo yozizira, yolowa m'mafupa. Agalu a m'dera lonse anali chete.

Kenako anamva kugogoda.

Gu. Gu-gu.

Sikunali kugogoda kwa chala. Kunali kwa thabwa pa thabwa, m'munsi mwa chitseko.

"Ndani?"

Gu. Gu-gu.

Anaganiza kuti ndi Akalipentala, abweza katundu wawo. Mtima unawira. Sabata yonse osagona bwino, zala zolasidwa ndi singano, apongozi ali m'njira, ndiye wina azigogoda ndi mwendo wa mpando? Anadzuka, nsalu ili m'manja, n'kutsegula chitseko mwamphamvu.

Pakhonde panalibe munthu. Panalibe mpando. Mphepo yokha inawadutsa m'miyendo ngati mphaka.

Anatseka. Anakhoma. Anatembenuka.

Mpando wakale unali pamoto. Pampandopo panali bambo wokalamba, wowonda, wovala jekete lomangidwa mabatani molakwika. Manja anali atawatambasulira kumoto. Kumbuyo kwake kunali kushoni yachikasu. Mpando watsopano unali pambali, wosunthidwa mwaulemu monga kale.

Amake Mapasa anayang'ana kukhoma. Moto unkaponya mthunzi wa mpando, wautali, wogwedezeka. Mthunzi wa munthu panalibe.

Koma kutopa kuli ndi mphamvu zake. Chimene chinatuluka pakamwa pawo si chimene ankayembekeza.

"Ndinu amene mwandizunza sabata yonseyi?"

Mkuluyo sanatembenuke. "Pepani, mayi," anatero ndi mawu otsika. "Kuseri kukuzizira."

"Kuseri kuti?"

Mkuluyo anasendeza manja pafupi ndi malawi. Mpando unapendekeka, mwendo waufupi uja n'kugunda simenti. Gu. Anabwerera m'mbuyo. Gu-gu.

"Mudzutsa ana," ananong'ona Amake Mapasa.

Gu.

Zinawakwana. Anatola kansalu kotsala podula, n'kukapinda kanayi. Anayandikira. Pafupi ndi mkuluyo panali pozizira ngati patsegulidwa firiji, ngakhale moto unali pomwepo. Sanayang'ane nkhope. Anagwada, n'kulowetsa kansaluko pansi pa mwendo waufupi. Nsapato za mkuluyo zinali zopukutidwa bwino, koma zopanda zingwe.

Mpando unakhazikika.

"Zikomo," anatero mkuluyo. "Palibe anaganizapo zimenezo."

Amake Mapasa anabwerera chafutambuyo mpaka anagunda tebulo.

"Mawa kukubwera apongozi anga, bambo. Ndi odwala. Malo amenewo ndawakonzera iwo. Akapanda kukonda muno, abwerera kukakhala okha, ndipo tsiku lina adzagwa popanda wowadzutsa. Mukundimva?"

Nkhuni ina inathetheka.

"Moto uli ndi mbali ziwiri, mayi."

Amake Mapasa anacheukira kumanja kwa moto, kumene kunali dengu la nkhuni. Pobweza maso, pampando panalibe munthu. Kushoni inali ndi dzenje pakati, likudzadza pang'onopang'ono.

Usiku umenewo anakagona pakati pa mapasa, nsapato zili kuphazi.

Kutacha anawoloka msewu. Akalipentala anali ndi akazi awo pakhomo pa shedi. Atawaona anasiya kulankhula.

"Wabwerera, eti?" anatero Akalipentala.

"Munkadziwa, osandiuza?"

"Tikanayambira pati, mayi? Munthu wangosamuka kumene, wapenta ndi kupenta."

Akazi awo ndi amene anatsitsa mawu n'kufotokoza. Ankati malo a motowo anawamanga ndi mwini nyumba woyamba, mmisiri wa njerwa. Atakalamba, ana ake anakonza chipindacho kuti chizioneka bwino alendo akabwera. Anagula mipando yatsopano. Mpando wa bambo awo unkaipitsa malo, ndiye anausamutsira kuchipinda chakuseri, pamodzi ndi mwini wake. Nyengo yozizira ya chaka chimenecho sanaimalize.

"Mabanja atatu alowamo chichokereni anawo," anatero mayiwo. "Ena anautaya kudzala. Ena anayesa kuuwotcha. Onse anasamuka okha, mpando n'kutsala."

Amake Mapasa anayang'ana wotchi. Panalibe nthawi yochita mantha, panalibenso mphamvu zokwakwaza mipando. Anabwerera kunyumba, anachotsa dengu la nkhuni, n'kuika mpando watsopano kumanja kwa moto. Pansi pa chitseko anatsekapo ndi nsalu yokulunga kuti mphepo isalowe. Wakalewo anausiya m'timaenje take, kansalu kali pansi pa mwendo.

Apongozi anafika dzuwa litapendeka, ndodo m'manja, chikwama chaching'ono atachikumbatira okha osalola mwana wawo kuchigwira. Analowa m'chipinda chodyera ngati woyendera sukulu. Anadutsitsa chala pakashelefu, n'kuchiyang'ana.

"Makataniwa achita kuwala chonchi, mukufuna kuitana njuchi?"

"Tikhoza kusintha, amayi."

"Chithunzi cha abambo anu mwachiika pautsi. Ali moyo ankatsokomola, mukufuna azitsokomolabe?"

Bambo a Mapasa anayang'ana akazi awo ndi maso opepesa. Chikwama chinali chikadali m'manja mwa mayi awo. Amake Mapasa anayamba kale kumva kulira kwa basi ya Lamlungu m'mutu mwawo.

Kenako apongozi anatembenukira kumanzere kwa moto. Anaima. Nkhope inafewa.

"Aa, pepani bambo, sindinakuoneni. Mwaswera bwanji?"

Anapendeketsa mutu, kumvetsera. Anaseka pang'ono.

"Nanenso ndi miyendoyi basi."

Wailesi anatsegula pakamwa, koma ulendo uno palibe chinatuluka. Bambo a Mapasa anayang'ana mpando wopanda munthu uja.

"Amayi, mukulankhula ndi..."

"Iwe, khala chete akuluakulu akamapatsana moni." Anatembenukira kwa Amake Mapasa. "Bwanji simunandiuze kuti muli ndi munthu wamkulu m'nyumba muno? Tiyi mwawapatsa?"

"Ndi... ndikuthira, amayi."

"Akuti mwawakonzera mwendo wa mpando." Apongozi anawayang'ana Amake Mapasa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ngati akuwaona koyamba. Kenako anakhala pa mpando watsopano, n'kutambasula miyendo kumoto. Chikwama chija anachipereka kwa mwana wawo osamuyang'ana.

"Kaike kuchipinda. Utulutse zovala, zingakwinyike. Nyumba imene nkhalamba imakhala pamoto, osati kuseri, ine ndikhoza kukhalamo."

Basi ya Lamlungu inapita yopanda iwo.

Anthu a mumsewuwo amanena zosiyanasiyana. Ena amati ukalamba wawasokoneza mutu mayiwo. Akazi a Akalipentala amati amene wayandikira khomo la imfa amaona amene ali kutsidya kwake. Amake Mapasa sayankhapo. Lamlungu lomwelo madzulo anawerenga makushoni patebulo, napeza anayi, anthu asanu. Anapumira m'mwamba, n'kukakhala pamakina.

"Nsalu yachikasu inatha," anang'ung'udza akulowetsa ulusi. "Alandira yamizeremizere. Wina asayerekeze kudandaula."

Kuchipinda chodyera apongozi anaseka. Kunakhala chete kanthawi, kotalika ngati mmene munthu amayankhira. Kenako anasekanso.