Mayina Onse Anabwerera, Kupatula Limodzi

Mphezi ya mu Januwale ndi imene inawakumanitsa. Inagwa pafupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, n'kuwotcha kompyuta ya pa desiki mu ofesi ya kakampani kena kotumiza katundu. M'mawa mwake anaitana Fyness, mtsikana wa ku Lirangwe wokonza makompyuta.

Fyness anakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kutenga kabaza. Atalowa anapeza mnyamata wa tayi yobiriwira atagwira mutu.

"Achemwali, amisiri aja ndinu? Inetu ndimadikira bambo wa ndevu!"

"Ndevu ndaiwala kunyumba, achimwene. Wodwalayo ali kuti?"

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Dzina lake anali Geoffrey, kalaliki wa pamenepo, ndipo pakamwa pake panali potsekemera kuposa nzimbe.

Fyness anaika hadi disiki yatsopano, kachipangizo kosungira zonse za mu kompyuta. Makalata a imelo anabwerera onse, koma buku la ma adiresi, momwe munali mayina, manambala ndi ma imelo a anthu, linatsalira mu disiki yakale yopsayo.

"Ndiitenge ndikayese kunyumba," anatero Fyness.

"Musavutike nayo. Makasitomala ndiwalembanso pang'onopang'ono. Koma taonani, buku latsopanoli mulibe munthu. Dzina loyamba likhale lanu."

Anafunsa nambala ndi imelo, nalemba Fyness akuona: "Duwa la ku Lirangwe." Fyness anayang'ana pansi akumwetulira. Mtsikana wodziwa kuchotsa ma vairasi m'makompyuta a eni, wake unamulowa mumtima tsiku lomwelo!

Mauthenga anayamba kugwa ngati mango.

"Duwa langa, ndege zonse zatera, koma mtima wanga ukadali m'mwamba kukufuna iwe."

"Wapamtima, wadya? Ukapanda kudya ine ndikuonda."

Lamlungu lililonse masana Geoffrey ankabwera ku Lirangwe. Ankagula chimanga chootcha pamsika n'kuchithyola pakati, ndipo nthawi zonse mbali yaikulu inali ya Fyness. Ndani sakanakopeka?

Tsiku lina anamugwira manja onse awiri.

"Fyness, ndikulumbira. Seputembala asanathe, malume anga a Solomon abwera kudzaonana ndi akwanu. Ukapanda kukhala iwe, ine sindidzakwatira."

Fyness anauza mayi ake, a Modesta. Mayiwo analuluta kuseri kwa nyumba kuopa anansi. Anasankha thadzi loyera, ati lodzapereka kuchimuna pa chinkhoswe, ndipo ngakhale kubwere alendo otani, nkhuku imeneyo sinkakhudzidwa.

Disiki yakale ija Fyness anaitengabe, ndipo inkangokhala m'chitini cha mabisiketi kunyumba kwake. Fyness akaitchula, Geoffrey ankasintha nkhope.

"Itaye, bebi. Manja okongolawa asamavutike ndi zinthu zakufa."

Mtsikanayo ankati n'chikondi. Kalanga, Fyness!

Mu Ogasiti Geoffrey anati akupita ku Mzuzu ku maphunziro a ntchito, kunyamuka Lachisanu madzulo. Fyness anaganiza zomupatsa mphatso yoti asaiwale, pakuti mnyamatayo ankadandaula kuti makasitomala ena akale anasowa nawo polumikizana. Anasaka disiki yofanana ndi yopsayo, nasinthanitsa kabolodi kake ka magetsi. Lachitatu masana, disiki yakufa ija inayamba kulira chapansipansi.

"Wadzuka!" anakuwa yekha, akuomba m'manja.

Anatsegula fayilo ya buku lija kuti aone ngati ili bwino. Mayina anatsika ndondondo. Pamwamba penipeni panali gulu la mayina lolembedwa kuti, "Oitanidwa ku chinkhoswe, 16 Ogasiti, Madziabango."

Chinkhoswe cha ndani? Mwina cha mchemwali wake? Anadina.

"Ankhoswe anga, malume Solomon."

"Ankhoswe a Lisa."

"Lisa mkazi wanga."

Anayang'ana kalendala ya pakhoma. Pa 16 Ogasiti linali Loweruka lomwelo, tsiku limene Geoffrey amayenera kukhala ku Mzuzu.

Koma mtima wa munthu wokonda suvomera msanga. Bukuli n'lakale, anadziuza, mwina anasiyana kalekale. Pansi pa mndandandawo panali nambala ya "Jimu wa matenti." Anaimba.

"Pepani bambo, ndimafunsa za chinkhoswe cha ku Madziabango. Kodi chilipobe?"

"Cha a Geoffrey ndi a Lisa? Chilipo, mayi! Matenti tikukazika Lachisanu. Mubwere mudzavine!"

Foni inagwera pa bedi. Fyness analira ngati wamva uthenga wa maliro. Panja thadzi loyera lija linali kupalasa mosadziwa kanthu, ndipo mayi ake ankaliponyera madeya akuimba nyimbo ya kwaya. Akawauza bwanji?

Lachinayi m'mawa anavala diresi imene Geoffrey ankaikonda, naika fayilo ija mu flashi, ulendo wa ku Chileka.

"Duwa langa! Wabwera kudzanditsanzika?"

"Ndakubweretsera mphatso. Tasuntha."

Fyness anakhala pa mpando wa Geoffrey, natsegula pulogalamu ya imelo, n'kulowetsa buku lakale lija. Mayina anadzaza sikirini. Geoffrey anawerama kuti aone, ndipo kumwetulira kunathera panjira.

"Fyness... ndikufotokozere."

"Fotokoza. Ku Mzuzu masiku ano amadzera ku Madziabango?"

"Ndi zokakamizidwa, bebi! Lisa tinayamba kalekale, makolo akudziwana. Ndimafuna kuthetsa, ndimangosowa poyambira. Mtima wanga uli kwa iwe, Mulungu akuona!"

"Mulungu musiye, wamutopetsa. Miyezi isanu ndi iwiri, Geoffrey! Unkadya chimanga ndi ine uku ukulipira matenti? Malume ako omwewo a Solomon, amene mayi anga akuwadikira?"

Geoffrey anagwada pa simenti, tayi ili lendelende. Anagwira mwendo wa mpando chifukwa dzanja Fyness anakaniza.

"Chonde usawatumizire uthenga anthuwo. Usamuuze Lisa. Ndingachite manyazi."

Mawu amenewo ndiwo anamupweteka kuposa bodza lonse lija. Ngakhale atagwada choncho, chimene ankaopa kutaya sanali Fyness.

Zoonadi, gulu lonse linali pamenepo. Kudina kamodzi kokha, Madziabango yense akanadziwa. Fyness anayang'ana dzina la Lisa nthawi yaitali, mtsikana amene mwina nthawi yomweyo ankayesa chilundu chake pagalasi. Misozi inagwera pa kiyibodi.

"Ine ndine mmisiri, si wofalitsa nkhani. Lisa ukamuuze wekha, ngati umunthu ukadalimo."

Anatsitsa mndandanda mpaka anapeza "Duwa la ku Lirangwe." Anadina kuti lifufutike. Kompyuta inafunsa ngati watsimikiza. Anavomera, nalowanso m'malo mogwera zofufutidwa n'kulichotsa komweko.

"Ntchito yanu yatha, achimwene. Mayina anu onse abwerera."

"Nanga lako? Fyness, libweze! Iwe umatha kubweza zotayika!"

"Zotayika ndimabweza. Zotayidwa ayi."

Anatuluka osacheuka. Pa kabaza mphepo inkaumitsa misozi, ina n'kumabwera. Foni inalira kasanu m'chikwama, iye osaigwira.

Atafika ku Lirangwe anapeza mayi ake pakhonde akusankha nyemba. Mayiwo anamuyang'ana m'maso kamodzi kokha, n'kuika lichero pansi.

"Mwanawe, chachitika n'chiyani?"

Fyness anagwada n'kuika mutu pamiyendo pawo.

"Amayi, nkhuku ija musaisungenso."