Cholembera cha Kabuku

M'mawa wa tsiku la mayeso omaliza, Kabuku anaima pamaso pa bambo ake atavala yunifolomu, nkudandaula kuti siketi yamuthina.

"Zaka zinayi yakhala ikukukwana, ndiye ithine lero tsiku lomaliza?"

"Ndi nzeru, ababa. Zasowa malo m'mutu, zayamba kutsikira m'chiuno."

Bambo akewo, omwe anali atelala, anaseka, nkusuntha batani mwanayo ali chiimire. Dzina lakuti Kabuku anamupatsa ndi iwo omwewo ali wamng'ono, chifukwa ankagona buku lili pachifuwa. Atamaliza analuma ulusi ndi mano, mwana anatenga cholembera chake chabuluu, nkuthamanga. Amayi ake anamukuwira kuti waiwala kudya, iye anangokweza dzanja osacheuka.

Atelalawo ankasoka pakhonde la sitolo ya alamu awo, achimwene a akazi awo. Zaka makumi awiri anakhala pakhondepo ndi makina opalasa ndi phazi, kuika zigamba, kufupikitsa mathalauza, kusintha mazipi. Alamuwo analinso ndi mwana amene analemba mayeso chaka chomwecho. Patapita masiku awiri mayeso atatha, anatuluka m'sitolo akutokosa m'mano, nkutsamira pachipilala.

"Wangayu akhoze asakhoze, malo ku koleji ndamupezera kale. Nanga wanu uja akakhoza, alamu, fizi mudzachita kumusokera pamakinapo?"

Anthu amene ankadikira zovala anaseka. Atelala nawonso anaseka, poti khonde linali la eni ake. Koma masana omwewo anaphimba makina ndi nsalu, nkulowera kanjira ka kuseri kwa msika, kumene kunali kachipinda ka munthu wokonza mawotchi. Anthu ankanong'onezana kuti mawotchiwo anali chophimba m'maso chabe.

M'kachipindamo munali mawotchi khoma lonse, iliyonse ikuloza nthawi yakeyake. Mwini wake anali atawerama pathebulo, kagalasi kali kudiso.

"Khalani pansi, atelala," anatero osadzutsa mutu.

Atelala anachita nthumanzi kuti wawadziwa bwanji. Kenako anakumbukira kuti tepi yoyezera anaiwala kuichotsa m'khosi. Anafotokoza zonse: za khonde, za alamu, za mwana wanzeru wopanda womulipirira sukulu.

"Koma za magazi ayi," anamaliza motero. "Ndanena poyambirira."

"Magazi ndi a asing'anga osaphunzira, amadetsa m'nyumba. Ine ndimangothandiza anthu kubwereka. Kwanu kuli chiyani chodzaza koma chongokhala?"

"Kulibe. Chilichonse kwathu nchopanda kanthu."

"Mwana wanu wamaliza liti mayeso?"

"Dzana."

"Ndiye zomwe zili m'mutu mwakemo akuchita nazo chiyani pano? Zafika kale papepala. Miyezi itatu azingotsuka mbale podikira zotsatira. Mnzanu akatsamiritsa njinga pakhoma miyezi itatu, inu nkumayenda pansi, simungabwereke?"

Atelala anasendera pafupi ndi thebulo. Mawotchi ankangogunda, osagwirizana.

"Mukatenge cholembera chimene walembera pepala lomaliza. Mukachisokere mkati mwa khushoni yomwe mumakhalira posoka. Basi. Koma zotsatira zisanalengezedwe, cholemberacho chikhale chabwerera m'dzanja la mwini wake. Akalengeza chili kwa inu, ndiye kuti simunabwereke, mwagula. Ndipo kwa ine katundu wogulidwa sabwezedwa."

"Nanga zituluka liti?"

Munthu uja anachotsa kagalasi kudiso, nkuwayang'ana koyamba.

"Ine ndimakonza mawotchi, bambo. Makalendala sindikonza."

"Malipiro anu ndi chiyani?"

"Ndalipidwa kale. Mwabwera."

Cholemberacho sichinavute kupeza. Kabuku anali atachisiya m'kapu pawindo. Anachifuna masiku awiri, kenako anati mwina chinagwera kusukulu.

Tsiku loyamba kukhalira khushoni ija, kunabwera mayi wina wofuna diresi. Atelala anangomuyang'ana, manambala onse nkubwera okha m'mutu: m'mapewa, m'chiuno, utali. Anayeza ndi tepi kuti atsimikize, ndipo sipanasiyane ngakhale pang'ono. Nsalu yomwe kale inkatulutsa malaya atatu inayamba kutulutsa anayi popanda chidutswa chotayika. Munthu amene kale ankatuluka thukuta polemba dzina lake analemba kalata yopempha ntchito yosoka mayunifolomu, ndipo mkulu wa sukulu ina anaiwerenga kawiri, nkufunsa amene anawalembera.

Mwezi usanathe anachoka pakhonde la alamu, nkutsegula shopu yawo ya chitseko chagalasi. Mwezi wachiwiri munali makina amagetsi asanu ndi amayi anayi owasokera. Khushoni yakale yokha ndi imene sanaisinthe, ndipo sankalola munthu kuikhudza. Alamu anabwera kudzaona, nkuima pakhomo. Atelala anawapatsa mpando ndi chakumwa chozizira. Anali atadikira tsiku limeneli zaka makumi awiri, koma silinawakomere monga ankaganizira.

Kunyumba zinthu zinayamba pang'onopang'ono. Kabuku anafunsa nthawi wotchi ili pamaso pake. Tsiku lina gogo woyandikana nawo nyumba anabwera ndi kapepala ka kuchipatala kuti amuwerengere monga mwa masiku onse. Kabuku anakagwira nthawi yaitali, nkukabweza.

"Maso akundiwawa, agogo. Mubwere mawa."

Amayi ake anapita naye kukayezetsa maso. Adokotala anati maso ali bwinobwino.

"Ndi nkhawa imeneyi," anatero amayiwo kwa amuna awo. "Ana onse aonda nako kudikiraku. Wa achimwene uja sakudya nkomwe. Zikangotuluka, mtima wake ukhala pansi."

M'dera monsemo nkhani inali imodzi. Makolo akakumana pamsewu, moni asanathe, ankafunsana kuti, "Mwamvako chilichonse?" Wailesi sinkazimitsidwa nthawi ya nkhani. Pa chakudya cha m'mawa amayi a Kabuku ankapemphera kuti zotsatira zituluke msanga, mwana apepukidwe. Amuna awo ankatsinzina nawo, koma ameni sankatuluka pakamwa pawo. Mwa makolo onse a m'deralo, iwo okha ndi amene ankapempha kuti zichedwe.

Lachinayi lina chakumasana, mmodzi mwa amayi osoka anayang'ana pafoni, nkufuula kuti akuti zotsatira zituluka lero lomwe. Atelala anatulutsa onse m'shopu, nkung'amba msoko wa khushoni. Inki m'cholembera inali itatsika, kutsala pang'ono kunsonga, ngakhale panalibe amene analemberapo. Anachiika m'thumba la malaya, nkuthamanga.

Anapeza Kabuku atakhala pakhomo, akuyang'ana zala zake. Atangolowa pageti, mwanayo anadzutsa mutu, ndipo nkhope yake inayera ngati ya munthu wodzuka kutulo.

"Ababa! Lero ndi Lachinayi eti? Bwanji mwaweruka msanga? Ndipo mwathamanga, taonani thukuta. Akukuthamangitsani amayi aja munawasokera diresi yothina?"

Anaseka kuseka kwake kwakale. Atelala anapisa dzanja m'thumba, nkugwira cholembera chija. Nthawi yomweyo akazi awo anatuluka m'nyumba ndi wailesi m'manja.

"Bodza, bambo a Kabuku. Akuti ndi mphekesera chabe. Akuchongabe."

Dzanja lija linakhala m'thumba. Dzulo lake sukulu zitatu zinali zitawapatsa ntchito ya mayunifolomu a teremu yatsopano. Anaganiza kuti ntchito imeneyo yokha ikwanira kumuphunzitsa mwanayo mpaka kumaliza koleji. Anaganiza kuti ngati akuchongabe, sabata imodzi singavute. Anadziuza kuti akuchitira mwana yemweyo.

"Ndaiwala makiyi," anatero. "Ndikubwerera kushopu."

Atafika pageti anacheuka. Kabuku anali atayambanso kuyang'ana zala.

Cholembera chija anachisokeranso m'khushoni. Sabata ija inatha, inanso nkuyamba. Tsiku lililonse ankanena kuti mawa. Kabuku anasiya kutchula zinthu maina. Sizasi ankati "chija chodulira," kenako ankangoloza. Funso limodzi lokha ndi limene linatsala lathunthu pakamwa pake, ndipo ankalifunsa m'mawa uliwonse: "Zatuluka?"

Zinatuluka Lachiwiri m'mawa, popanda mphekesera. Atelala anali kutsidya lina la tauni, m'sitolo yaikulu ya nsalu, akusankha mpukutu wa nsalu yotuwa. Wailesi ya pakauntala inadula nyimbo pakati, mawu a munthu nkunena kuti zotsatira zatumizidwa kale m'sukulu zonse. Wogulitsa nsalu anaomba m'manja, nkunena kuti naye ali ndi mapasa amene analemba. Atatembenuka kuti afunse za mpukutu uja, kasitomala wake panalibe.

Atelala atafika kushopu, khushoni anaing'amba ndi manja, thonje nkumwazika shopu yonse. Kunyumba anapeza pakhomo potseka. Anathamangira kusukulu.

Pabwalo la sukulu panali anthu ochuluka. Ena ankalulutira, ena anakhala pansi pa mtengo atagwira mitu. Mwana wa alamu anali pambali akulira, bambo ake akumukalipira motsitsa mawu. Mapepala anali atamatidwa pabolodi la pakhonde la ofesi, ndipo patsogolo penipeni panaima Kabuku ndi amayi ake. Mkulu wa sukulu anali atagwira mwanayo paphewa.

"Abambo ake ndi awa! Bwerani, atelala, mudzaone. Chiyambire sukulu ino sitinaonepo zotere. Waposa onse. Kabuku, awerengere wekha bambo ako. Mzere woyamba."

Kabuku anayandikira pepalalo mpaka mphuno kutsala pang'ono kulikhudza. Analiyang'ana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kenako anakoka amayi ake chovala.

"Amayi, nyerere zonsezi zikupita kuti?"

Amene anali pafupi anaseka, poyesa nthabwala za mwana wanzeru. Amayi ake sanaseke. Atelala anadutsa pakati pa anthu, nkugwira dzanja la mwanayo, kuikamo cholembera, nkufumbatitsa zala zake ndi manja awo awiri. Anadikira. Nkhope ija sinasinthe. Kabuku anafumbatula dzanja, nkuyang'ana kanthu kabuluu kouma, kopanda ngakhale dontho la inki. Anakabweza mwaulemu, ndi manja awiri.

"Ndi chanu, ababa."

Amayi a Kabuku anayang'ana cholemberacho, nkuyang'ana thonje lomwe linamatirira pamalaya a amuna awo. Anali atachifuna nyumba yonse miyezi itatu yapitayo. Anatenga mwana wawo padzanja, nkutuluka naye pageti.

Wokonza mawotchi anali pamalo pake pomwe paja, kagalasi kali kudiso. Atelala anagwada pansi. Anati atenge shopu, atenge makina, atenge moyo wawo.

"Ndinakubisirani chiyani, bambo? Ndinati mukachedwa mwagula."

"Sindinadziwe tsiku lake!"

"Palibe kholo limene linadziwa. Koma Lachinayi lija munali nacho m'thumba, mwana ali patsogolo panu." Anapukusa wotchi ina, nkuiika kukhutu. "Nzeruzo ndi zanu tsopano. Kazigwiritseni ntchito."

Atelala sanasokenso. Akakhala pamakina, m'mutu mwawo munkadzaza zinthu zomwe sanaphunzirepo, ndipo zinkatuluka zokha pakamwa. Kasitomala akafunsa za thalauza, iwo ankamuyankha maina a mafupa a m'thupi. Mayunifolomu a sukulu zitatu zija sanathe. Amayi osoka anachoka mmodzimmodzi, makina anagulitsidwa, chitseko chagalasi chinamatidwa mapepala. Masiku ano amakhala pansi pakhonde lakale la alamu awo, tepi ili m'khosi, akutchula mitsinje ya maiko akutali ndi zaka za nkhondo zakale, kuyankha mafunso amene palibe wawafunsa. Ana asukulu amati sanalakwitsepo ngakhale limodzi.

Umphawi wawo unali weniweni, ndipo chipongwe cha alamu chinali chowawa. Palibe angakane zimenezo. Koma chuma chobwera ndi mankhwala chimadya chinthu chomwecho chimene munthu amati akuchifunira chumacho. Dyera silimuuza munthu kuti ataye mwana wake. Limangomuuza kuti adikire sabata imodzi. Amene ali ndi cha mwini m'thumba abweze lero, poti tsiku lolengeza palibe amalidziwa.

Kalata ya ku koleji inabwera patapita mwezi. Inanena kuti chifukwa cha kukhoza kwake, Kabuku adzaphunzira ulere, zonse zolipiridwa. Amayi ake anaipinda pamodzi ndi pepala la zotsatira, nkuziika pansi pa sutikesi.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. M'mawa uliwonse Kabuku amadzuka, nkuvala siketi yake ya yunifolomu, yomwe tsopano imamukhwepa, nkupita kukhitchini kumene amayi ake akuwiritsa madzi.

"Amayi, zatuluka?"

"Ayi, mwanangu," amayankha amayiwo. "Sizinatuluke."