Kuyetsemula kwa Mzime

Mzime ankafuna kudzavina pa tsiku la makolo kusukulu.

Aphunzitsi analemba pabolodi kuti vina.
"Mawu awa amatiuza chochita," anatero aphunzitsi. "Tiike 'ku' kutsogolo kwake. Kuvina! Tsopano mawuwa asanduka dzina. Timati, kuvina n'kokoma."

Mwana aliyense analandira khadi.
"Aliyense adzachita zimene zili pa khadi lake," anatero aphunzitsi.

Msuweni wa Mzime analandira kuvina. Analandiranso siketi yofiira.
Mzime analandira kuyetsemula. Analandiranso kampango. Kampango basi!

Awiriwa ankakhala nyumba imodzi.
Madzulo msuweni anavina pabalaza. Siketi inazungulira.
"Kuvina kwako n'kokongola!" anatero amayi.

Mzime anatupitsa masaya. Nsanje inamugwira.
"Tisinthane makhadi," anatero Mzime.
"Ayi, ili ndi langa," anayankha msuweni.
"Kuvina kwako n'koipa! Ukuvina ngati bakha!"
Msuweni analira. Mzime anayang'ana kukhoma.

Abambo a Mzime anali kalipentala.
"Tiye ukandigwirire thabwa," anatero abambo.
Abambo anacheka thabwa. Utuchi unauluka. Unalowa m'mphuno mwawo.
"Etsi-i-i!"
Chipewa chawo chinagwa. Mphaka anathawa.

Mzime ankafuna kukwiyabe. Koma anaseka.
"Kuyetsemula kwanu n'koopsa, ababa!"
"Nanga kwako?" anafunsa abambo.
"Etsi," anatero Mzime.
"Aa! Kumeneko ndi kuyetsemula kwa nyerere. Bwereza!"
Mzime anabwereza. Anabwerezanso.

Tsiku la makolo linafika. Holo inadzaza.
Msuweni anaima kutsogolo. Anaona maso ambirimbiri. Miyendo inauma gwa.
Kuvina kunakanika.

Mzime anakondwa pang'ono. "Akanandipatsa ine," anatero mumtima.
Kenaka anaona nkhope ya msuweni. Misozi inali lengelenge.
Kukondwa kuja kunathera pomwepo.

Mzime anaimirira. Anakoka mpweya wambiri.
"ETSI-I-I!"
Kampango kanauluka. Kanatera pamutu pa aphunzitsi.

Holo yonse inafa ndi phwete. Aphunzitsi anaseka. Msuweni nayenso anaseka.
Phazi limodzi linasuntha. Linzake linatsatira.
Siketi yofiira inazungulira. Inazunguliranso.
Mzime anaomba m'manja kuposa onse.

Popita kunyumba, Mzime anagwira dzanja la msuweni.
"Pepa," anatero Mzime. "Sunavine ngati bakha."
"Zatha," anatero msuweni. "Koma undiphunzitse kuyetsemula."
"Iwe undibwereke siketi."

Atafika, Mzime anavala siketi yofiira. Anavina pabalaza.
Msuweni anagwira kampango. "Etsi," anayesa.
"Kwa nyerere kumeneko!" anatero Mzime. "Bwereza!"

Amayi anasuzumira kuchokera kukhitchini.
"Kodi nyumba ino yagwidwa ndi chimfine?"
"Ayi, amayi," anayankha Mzime akuzungulira. "Uku ndi kuphunzira!"