Thawulo la Loyce

Osborne Chikaonda adalowa ku Mangalande pa viza ya mkazi wake. Loyce ndiye adapeza ntchito yosamalira okalamba ku Solihull, iye n'kungotsatira ngati katundu. Ankakhala m'chipinda chimodzi ku Handsworth, mumzinda wa Birmingham, m'nyumba yomwe khitchini yake ankaphikiramo mabanja anayi. Loyce ankakwera mabasi awiri m'mamawa kukanyamula ndi kusambitsa anthu tsiku lonse. Osborne ankakolopa pa jimu ina m'tauni, masiku atatu pa sabata.

Pa jimupo ndi pomwe mtima wake udayamba kudwala nsanje. Panali Brave, mnyamata wa kwawo ku Ntcheu, yemwe ankaphunzitsa anthu masewera olimbitsa thupi. Anthu olemera ankamulondola pambuyo, kumufunsa zoti adye ndi zoti asiye. Brave ankafika pa galimoto yakuda, Osborne ali kalikiliki kupukuta thukuta la eni ake pa makina.

"Ntchito yake ndi iti?" Osborne ankatero kwa mkazi wake. "Kuwerenga wani, thu, fili basi. Ndingalephere ine?"

Jimuyo italengeza kuti ikufuna mphunzitsi wina, Osborne adalemba kalata. Manijala, mayi wina dzina lake Bethany, adamuitana mu ofesi n'kumufunsa mafunso awiri okha: satifiketi yake ili kuti, ndipo adaphunzitsapo ndani. Satifiketi analibe, ndipo anali asadaphunzitsepo munthu. Adayesa majimu ena, ku Smethwick mpaka ku Walsall. Ambiri sadayankhe n'komwe.

"Achimwene, kosi yake ilipo," Brave adamuuza. "Miyezi ingapo basi. Mumaphunzira za mafupa, za mtima, ndi zochita munthu akakomoka. Mabuku anga ndikubwerekani."

Loyce naye adati atenga mashifiti owonjezera kuti amuna ake aphunzire. Koma kwa Osborne miyeziyo inali ngati zaka, ndipo kubwereka mabuku a mwana wamng'ono ngati Brave kunkamuwawa. Tsiku lina akumetetsa adamva anthu akunong'onezana za bambo wina wa ku Foleshill, ku Coventry, amene amatsegula zitseko zokanika.

Adapitako Loweruka masana. Chinali chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsalu. Bamboyo, a Rogers, anali munthu waukhondo, wovala juzi ndi magalasi, ndipo ankasenda lalanje ndi kampeni.

"Ukufuna ntchito kapena chuma?" adafunsa atamva nkhani yonse.

"Zonse."

"Mapepala ndi nkhani yaing'ono. Wofunsa satifiketi ali ndi maso, ndipo maso amatsekeka. Koma anthu akabwera kwa iwe adzafuna kuona matupi awo akusintha. Mphamvu zowapatsazo uzizitenga kuti?"

"Si mundipatsa inu?"

A Rogers adaseka pang'ono. "Ine ndilibe munda wa mphamvu. Zimachoka mwa munthu kupita mwa munthu. Kunyumba kwako kuli ndani wolimba thupi, amene amakukonda mosawerengera?"

Osborne adayang'ana pansi.

"Wamutchula kale mumtima. Akabwera kuntchito, umupukute thukuta ndi thawulo latsopano, ubwere nalo kuno."

"Sadzafa?"

"Chitsime chimaphwa ndi ndowa imodzi? Wotunga ndiwe. Ukadzaona kuti zakwana, udzasiye." Adaponya chidutswa cha lalanje m'kamwa. "Kungoti wosiya sindidamuonepo."

Lachiwiri lake Loyce adafika atatopa, atathamangira basi. Osborne adamukhazika pabedi n'kumupukuta kumaso ndi m'khosi. Loyce adaseka.

"Lero kwagwanji, amuna anga? Chikondi chotere ndidachiona kale pa chinkhoswe."

A Rogers adalisunga thawulolo masiku atatu. Pomubwezera Osborne adamupatsa malamulo awiri: azidzipukuta nalo kumaso asanalowe mu jimu, ndipo lisadzakhudze madzi.

Sabata isadathe, Bethany adamuitana yekha. Adalankhula naye ngati mnzake wakalekale, za satifiketi osazitchula. Munthu woyamba amene Osborne adamuphunzitsa anali dalaivala wa mimba yaikulu. Osborne sankadziwa chilichonse, ankangomuuza kuti anyamule ichi, akankhe icho. Patatha milungu itatu mimba ija idaphwa, mapewa adatambasuka. Mbiri idawanda. Makasitomala a Brave adayamba kusamukira kwa iye mmodzimmodzi. Chaka chisadathe adagula galimoto, ndipo banjalo lidasamukira m'nyumba yawoyawo ku Solihull.

Loyce adayamba ndi kugwetsa makapu. Kenako dzanja lamanja lidakana kufika kumutu, moti tsitsi ankachita kumupesa anzake. Tsiku lina gogo wina adamupulumuka m'manja pomutsitsa pabedi, ndipo kuntchito adamuuza kuti akapume kaye. Kuchipatala adamuyeza magazi, adamujambula mutu ndi msana, osapeza kanthu.

Osborne ankaona zonse. Sabata imene adalandira makasitomala khumi atsopano ndi imene miyendo ya Loyce idafooka. Adadziuza kuti asiya mwezi ukatha. Mwezi utatha, munthu wina wachuma adamulonjeza kuti atsegula naye jimu yawoyawo chaka chamawa. Adadziuza kuti asiya jimuyo ikatsegulidwa.

"Bola inu muli ndi mphamvu," Loyce adamuuza tsiku lina akumumwetsa phala ndi supuni. "Mulungu adadziwa kuti ine ndigwa, n'chifukwa chake adakukwezani. Mukadakhala mukukolopabe tikadatani?"

Mawu amenewo adamuthamangitsira ku Foleshill.

"Mubwezereni mphamvu zake," adachonderera.

"Zili m'matupi a anthu makumi asanu amene akuyenda mu Birmingham," adatero a Rogers. "Pita ukawalande."

"Nanga ndikasiya lero?"

"Akhala ndi moyo, koma pabedi pomwepo. Iwe ubwerera ku mopu."

"Palibe njira ina?"

A Rogers adavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa. "Ali ndi mng'ono wake?"

Osborne adatuluka osatsanzika. Mng'ono wakeyo analipo, Joanna, wophunzira unamwino ku Wolverhampton, yemwe panthawiyo n'kuti atabwera kudzadwazika mkulu wake. Lamulungu lonse Osborne adakhala pambali pa bedi atagwira dzanja la Loyce, lopepuka ngati phesi. Adalumbira mumtima kuti zatha. Lolemba m'mawa adaimika galimoto panja pa jimu, adakhalamo kwa kanthawi, kenako adatsegula chikwama n'kudzipukuta kumaso.

Loyce adamwalira Lachitatu, cha m'ma teni m'mawa. Foni itaitana, Osborne n'kuti akuwombera m'manja mtsikana wina amene adanyamula chitsulo cholemera kuposa thupi lake.

Amayi a kutchalitchi adadzaza nyumba, akuimba ndi kuphika. Mwambo utatha adakonza m'nyumba monse, n'kuchapa chilichonse.

"Alamu," Joanna adamuuza, "m'chikwama chanu cha ku jimu munali thawulo lonunkha ngati chinthu chakufa. Ndalichapa kawiri. Lili pachingwepo."

Osborne adathamangira panja. Thawulo linali gwa, loyera, likununkhira sopo.

Adabwererabe kuntchito. Bethany adamuyang'ana nthawi yaitali ngati munthu wodzidzimuka kutulo. Tsiku lomwelo dalaivala uja adagwa pa makina othamangira atagwira pachifuwa. Anthu onse adatembenukira kwa mphunzitsi wake. Osborne adangoima, manja ali lende. Brave ndiye adathamanga, kugwada, n'kuyamba kumupopa pachifuwa mpaka ambulansi idafika.

Madzulo ake Bethany adatsegula faelo ya Osborne. Munali kalata yake yoyamba ija yokha. Adamuchotsa ntchito pomwepo, ndipo abale a dalaivalayo adatengera nkhaniyo kwa maloya. Wachuma uja adasiya kuyankha foni. Kenako idabwera kalata ya boma yomukumbutsa kuti chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chidali pa dzina la Loyce. Atapita ku Foleshill adapeza chipinda chija muli mayi wosoka madiresi, yemwe adati dzina la Rogers sadalimvepo.

Amalawi a ku Handsworth adamuona komaliza m'nyengo yozizira, m'paki, atavala kabudula ndi nsapato imodzi. Mikono yake inali itatsala mafupa okhaokha. Ankaima kutsogolo kwa benchi yopanda munthu, akuilamula mokalipa: "Dzuka! Wani! Thu! Dzuka, ukhoza!" Brave adayesa kumufunditsa jekete, koma Osborne sadamuzindikire. Adamufunsa ngati ali ndi mng'ono wake.

Ntchito imene sudaiphunzire usailowere pazenera. Chuma cha zitsamba sichichokera kutali, chimadya wa m'nyumba mwako amene sakukukayikira. Wadyera amati ndisiya mawa, ndipo mawa limamupeza alibe woti amusiyire.