Mapazi a Aleki pa Phulusa

Chimene chinayamba kumudabwitsa Lena n'chakuti nsapato za mlongo wake zinasowa pakhomo, koma mapazi a nsapatozo sanasowe m'njira.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, malire akumwera atatsekedwa, pamene mu Livingstone, ku Zambia, sopo ankamudula ndi ulusi, ndipo ukaona mzere wa anthu unkayamba waima kaye n'kufunsa pambuyo chimene chikugulitsidwa. Lena ankakhala m'komboni ya Maramba, m'nyumba ya khonsolo imene anasiya bambo ake, aja anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito ya njanji. Ankakhala ndi mlongo wake wamkulu, Aleki. Alekiyo kalekale anabapo chitini cha parafini kuntchito, nakagwira ndende. Kumeneko anabwerako ndi chifuwa, mwendo wamanzere wokoka, ndi dzina. Za chifuwazo anthu analibe nazo ntchito, koma dzina analisunga bwino. Nkhuku ikasowa, Aleki. Mwana akataya pensulo, Aleki.

Chaka chimenecho kusowa kwa zinthu kunanyanya. Kwa uyu shuga, kwa uyo botolo la mafuta ophikira, kwa winayo ufa wotapidwa m'thumba mpaka theka. Ndiye ba Munsaka, tcheyamani wa chipani m'deralo, analamula kuti dzuwa likamalowa nyumba iliyonse iziwaza phulusa la pa mbaula pakhomo ndi pansi pa zenera, kuti wakubayo adzisainire yekha.

Anasainadi. M'mawa phulusa linkaonetsa nsapato zosema ku tayala, mizere yake yokhotakhota, ndipo kumanzere kanjira kokokedwa ngati padutsa njoka. Maramba yense ankazidziwa nsapato zimenezo.

"Ba Lena," anatero ba Munsaka, anyamata a chipani ataima kumbuyo kwawo, "aka ni komaliza. Tikaonanso mapazi aya, anyamata azamutenga, na nyumba muzachoka."

"Ba Tcheyamani, munthu sadzuka! Lowani mumuone. Ngakhale kuchimbudzi ndimachita kumunyamula."

"Masana sadzuka," anayankha ba Christine, akazi a tcheyamaniyo, ndipo anthu anaseka.

Kuyambira pamenepo Lena ankagona chopingasa pakhomo, nsalu yake atamanga kumwendo wa mlongo wake. Inali nyengo imene madzi amadzaza pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, moti mphepo ikatembenuka mkokomo wake unkafika mpaka ku Maramba, wapansipansi ngati galimoto yolemera imene siifika. Mkati mwa mkokomowo anayamba kumva china. Phaa... khweee. Phaa... khweee. Phazi limodzi kuponda, linalo kukoka. Agalu osauwa n'komwe. Anagwira nsalu ija, napeza mwendo wa Aleki uli pompo, wotentha ngati mbaula.

"Achimwene, mukumva?"

"Ndikumva," Aleki ananong'ona. "Ndine ameneyo. Ndikupita kwa ba Norah, oyandikana nafewa."

"Musamatero!"

"Nanga ndani? Aliyense akuti ndine. Mwina ndimatuluka osadziwa."

Mawu amenewo anamuopsa Lena kuposa mapaziwo. Anthu anali atayamba kale kunena kuti Aleki anakhwimira kundende, thupi amalisiya pamphasa, mthunzi n'kumakaba. Tsopano mwini wakenso anali atayamba kukhulupirira.

Usiku wotsatira mapaziwo anali olemera, opumira m'mwamba. Usiku winawo anali opepuka, ofulumira, mwina n'kuiwala kukoka, kenako n'kukumbukira. Mzukwa umaiwala kutsimphina? Lena anamasula nsalu, natsegula chitseko pang'onopang'ono.

Kunja kunali mdima wa bii, magetsi a mumsewu anafa kalekale. Anatsatira phokosolo akukhudza mipanda, mpaka pa mtengo wa mango wa pampopi. Pamenepo chinthu chija chinaima, chinawerama, chinavula nsapato n'kuzilowetsa m'mphako ya mtengowo. Chitatembenuka, duku lake loyera linaoneka. Anali ba Christine, kanthu atafumbata m'chitenje, akubwerera kwawo opanda nsapato.

Lena anabwerera chambuyo. Anakhala pansi kuseri kwa mpopi, pakamwa atagwira. Asanadzuke, anamva wina akubwera, akutsokomola mokweza kukhosi monga amachitira asanayambitse nyimbo. Bambo Whyson! Mkulu wa mpingo, mnzawo wa malemu bambo ake, amene ankabwera kudzamupempherera Aleki. Anapisa dzanja m'mphakomo ngati munthu wotenga chipewa chake.

"Bambo Whyson," Lena ananong'ona. "Inunso?"

Mkuluyo anadzidzimuka, nsapato imodzi n'kugwa. Anayang'ana uku ndi uku.

"Mwanawe, usakuwe. Kwanga ana agona ndi madzi."

"Ndiye mukavale nsapato za munthu wodwala?"

"Sindinayambe ndine. Ndinangozipeza, monga anazipezera enawo. Palibe amene anauza mnzake." Anasendera pafupi, mpweya wake ukununkha njala. "Tamvera. Mitengo ya zinthu yakwera, malipiro ali pomwepo, m'sitolo muli mashelefu okhaokha. Aliyense pano akutapa kwa mnzake. Koma tikadziwana, mawa tipatsana bwanji moni? Tipemphera bwanji pamodzi? Aleki dzina lake linapita kale. Akutaya chiyani? Ife tili ndi mayina."

"Akutaya moyo, bambo."

Whyson anagwetsa nsapato inayo. Lena anatola nsapato zonse ziwiri, nathamanga nazo kwawo, mtima ukuti mawa ndikaziponya pamaso pa onse.

Apo ndiye analakwitsa, mwana wa eni. Akanazisiya m'mphako n'kuitana anthu. Kusanache bwino chitseko chinagogodwa mwamphamvu. Kwa ba Norah kunasowa shuga, phulusa linali litalankhula, ndipo anyamata a chipani atalowa anapeza nsapato zili pafupi ndi mphasa ya Aleki, phulusa likadali m'mizere.

Lena anakuwa, anatchula mtengo, anatchula mphako, anatchula mayina. Anthu anangoti kukamwa yasa, kenako ba Christine anaomba m'manja.

"Imwe, mwamva? Manje wakuba ni ine! Na ba elda ba mpingo bonse!"

Bambo Whyson anayang'ana pansi, akupukusa mutu ngati womvera chisoni. Aleki anamunyamula ngati mtolo wa nkhuni, iye osakana n'komwe. Ankangoti, "Pepani, pepani, sindimadziwa." Ku ofesi ya chipani sanakhaleko nthawi. Chifuwa chija chinamaliza zimene ndodo zinayamba.

Pamaliro anthu anadzaza, anaimba bwino, ndipo ufa sunasowe. Lena anapempha nsapato zija, naziika yekha m'bokosi, kumapazi a mlongo wake, naona ndi maso ake misomali ikukhomedwa.

Usiku umenewo mphepo inatembenuka, mkokomo wa madzi unabwera. Phaa... khweee. Phaa... khweee. Ulendo uno sikunali kuyerekeza ayi. Kunali kukoka kwenikweni, kwa munthu wotopa, koima pakhomo lililonse ngati wofuna kuodira.

M'mawa anthu anatuluka ali duu. Phulusa la nyumba iliyonse linali ndi mapazi a tayala, oyang'ana kuchitseko. Palibe chimene chinasowa. Bambo Whyson anamuyandikira Lena milomo ili mbuu.

"Si ine," ananong'ona. "Ndikulumbira, si ine."

Anthu anayang'anana, aliyense n'kuthawa maso a mnzake. Kenako ba Christine anakonza duku lawo, nati mofatsa:

"Koma nsapato zija, tinaziona ndani zikulowa m'bokosi? Si mlongo wake yekha?"

Ndipo maso onse a Maramba, ngati apeza mpumulo, anatsikira kumapazi a Lena.